Kope la M'sutikesi ya Amayi

M'nyumba ya amayi, kumudzi kwathu kufupi ndi Namitambo, muli kope lakale lomwe silituluka pakhomo. Limakhala m'sutikesi yachitsulo kunsi kwa bedi, pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi timabuku ta kusikelo ta ife tonse. Analiyamba ndi malemu bambo chaka chimene ankamanga nyumbayi. Anali mkamwini pamudzipo, ndipo ndikhulupirira kuti ankafuna zonse zikhale poyera: njerwa zingati, misomali makilogalamu angati, wocheka matabwa walandira zingati. Manambala awo ndi aang'onoang'ono, ena ali ndi matambala kumapeto. Mwana wanga atawaona anandifunsa ngati agogo ake ankalemba mitengo ya malata kapena ya zitumbuwa.

Bambo atatisiya, kopelo linagona zaka zambiri. Ndinalitulutsa mu Januwale 2015, mvula ija itagwa usana ndi usiku mpaka khoma la khitchini linanyowa kunsi n'kukhala pansi. Ndinkangofuna kudziwa kuti khomalo linadya njerwa zingati. Nditapeza nambalayo ndinatembenuza tsamba, n'kulemba tsiku ndi mtengo wa thumba la simenti. Kuyambira pamenepo wolemba ndine. Tsamba ndinaligawa patatu: tsiku, chinthu, mtengo. Patapita nthawi ndinawonjezera chigawo chachinayi kumapeto, cha ndalama ya mmisiri.

Ntchito ndimagwira ku Limbe, kumudzi ndimapita kamodzi pamwezi. Mvula ikandipeza konko usiku, ndimagona chagada kumvetsera denga. Denga labwino limalira mofanana ponseponse, ngati mphale ikukhuthulidwa pamkeka. Denga lokalamba limakhala ndi mawu ena mkati mwa phokosolo, aja a tho, tho, m'beseni. Amayi amadziwa malo onse odontha popanda kuyatsa tochi. Amadzuka, kukankha mphasa, kuika poto apa, ndowa apo, n'kugonanso. Kukacha sanena kanthu. Ndikawafunsa amangoti, "Ndi pomwe paja, mwanawe, sipanawonjezere." Koma ine ndimakhala nditawerenga madonthowo mumdima, ndipo ndimadziwa kuti pawonjezera.

Ukatsegula kopeli, chimene maso amayamba kuona ndi simenti. Mu 2020 thumba la makilogalamu 50 silinkafika K10,000. Ndalama ija ya K2,000, yokhala ndi nkhope ya John Chilembwe wa ku Mbombwe kwathu konkuno, ndinkawerenga mapepala anayi kapena asanu, mnyamata n'kundinyamulira thumba. Mu 2025 ndinawerenga mapepala omwewo opitirira khumi ndi asanu, ndipo panali masabata ena oti ngakhale ndalama ili m'manja simentiyo sankapezeka. Thumba ndi lomwe lija, kulemera kwake komwe kuja, ndipo khoma lomwe lingapakidwe ndi thumba limodzi silinakule.

Pakati pa zaka ziwirizi pali malo awiri pomwe manambala amachita kulumpha. Oyamba ndi Meyi 2022, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Achiwiri ndi Novembala 2023, pamene inagwa ndi 44 peresenti, dola yomwe inali cha m'ma K1,180 kubanki n'kudzuka ili pa K1,700. Masiku omwewo petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 lita imodzi. Zoterezi zinachitikaponso mu Meyi 2012, dola itachoka cha m'ma K168 kufika pa K250, koma nthawi imeneyo kope linali chigonere m'sutikesi.

Kale ndinkayesa kuti nkhani ya dola ndi ya anthu oitanitsa magalimoto ndi okwera ndege. Amayi chibadwire sanaigwirepo dola. Koma denga lomwe amagona kunsi kwake ndi dola yokhayokha. Chitsulo cha malata chimachokera kunja chili chokulungiza, kuno amangochipinda n'kuchidula m'mafiti. Maloko, mahinjesi, magalasi a mawindo, zambiri mwa izo n'zakunja. Simenti timapanga konkuno, ku Kasungu, ku Mangochi ndi ku Blantyre, wina amalowa kuchokera ku Zambia, koma makina, zitsulo zake ndi zina zosakanizira zimafuna ndalama yakunja, ndipo lole yomunyamula imamwa dizilo. Ngakhale mchenga wa mumtsinje ndi miyala ya kwale ya pa Njuli, zimene Mulungu anaziika pakhomo pathu penipeni, zimakwera mtengo chifukwa sizidziyendera zokha.

A National Statistical Office ku Zomba amatulutsa mwezi ndi mwezi nambala yosonyeza mmene zinthu zakwerera. Kumayambiriro kwa 2024 inafika pa 35 peresenti. Nambalayo ndimaikhulupirira. Koma dengu lomwe amayezera ladzaza kwambiri ndi chakudya, ndipo m'pomveka, poti munthu amadya tsiku lililonse. Mtengo wa ufa ndi mafuta ophikira umakupweteka pang'onopang'ono, mpaka thupi limazolowera. Denga sakhoma tsiku lililonse. Munthu wakumudzi amalowa m'sitolo ya zomangira kamodzi pa zaka zitatu, ali ndi mtengo wakale m'mutu, ndiye kukwera konse kwa zaka zitatuzo kumamugwera nthawi imodzi. Ndawaonapo ku Limbe, azibambo ndi azimayi ongotsika minibasi, ndalama atamanga pakansalu. Amafunsa mtengo wa lata la mafiti khumi. Akauzidwa amaima phee, kenako amafunsanso modekha, ngati sanamve bwino. Ena amatuluka n'kukaima panja, kuwerenga ndi zala.

Nafenso zinatichitikira. Mchemwali wanga amene amakhala ndi amayi ali m'gulu la banki mkhonde. Kumayambiriro kwa 2023 tinapangana kuti iye azisunga, ine ndiziwonjezerapo mwezi ukatha, kuti pogawana mu Disembala tigule malata 24 a mbali yakummawa, kumene dzimbiri linadya kwambiri. Sitinaphonye mwezi. Ndalama inakwana ndendende monga tinalembera, koma pakati pa kulemba ndi kugula panalowa Novembala. Tinabwerako ndi malata 15. Mchemwali wanga sanalire, anangokhala pamwamba pa malatawo m'galimoto, atagwira tsaya mpaka kufika kumudzi. Chimene chinamuwawa n'chakuti sanalakwitse paliponse. Anadzimana, anasunga, anachita zonse zimene timauzidwa kuti munthu wanzeru amachita.

Kuyambira pamenepo sitisunganso ndalama yapepala. Ikangopezeka, lata limodzi kapena awiri, kumangirira pa kabaza, kukaimika kuseri kwa kabati. Ndi mmene akuchitira anthu ambiri kwathu, ndipo ukalowa m'zipinda zawo umapeza malata atsopano ali ngwee kukhoma, pamene pamutu pali akale odontha. Lata limadikira. Simenti sadikira. Ukamusunga miyezi itatu pamalo achinyezi amagwirana n'kusanduka mwala, choncho amayenera kugulidwa pamtengo wa sabata yomwe ntchito ikugwiridwa. N'chifukwa chake makoma akuvutika kuposa madenga.

M'chipinda cha amayi munali mng'alu woyambira pakona ya windo kutsika pansi. Mu 2021 ndinaulemba m'kope kuti "wolowa chikhadabo". Ndinati udikire, poti chaka chimenecho kunali fizi. Mu 2023 ndinalemba kuti "wolowa chala". Chaka chatha, dzuwa likamatuluka, kamzere ka kuwala kankagwera pabulangeti. Mng'alu wa chikhadabo ukanatsekedwa ndi theka la thumba. Wa chala unafuna kugumula njerwa zingapo, waya ndi matumba atatu. Ndiye munthu ukachedwa umalipira kawiri, mtengo utakwera, ntchito nayonso itakula. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro siikata. Koma sikuti anthu amachedwa chifukwa cha ulesi. Pakhomo pamakhala feteleza, fizi, matenda ndi maliro, ndipo zonsezi zimafuula, pamene khoma limang'aluka mwakachetechete.

Palinso kukwera kwina komwe sikuoneka m'chigawo cha mtengo. Ndinakuzindikira mochedwa, poyerekeza zolemba za bambo ndi zanga. Iwo analemba kuti malata a geji 28. Ine ndinayamba ndi geji 30, ndipo ena mwa omwe tinaimika kuseri kwa kabati ndi a 32. Nambala ikamakula lata limapyapyala. La 28 mmisiri amayendapo osaopa, la 32 amaponda pamzere wa misomali pokha, apo ayi lifwanyika, ndipo mphepo ikalowa kunsi kwake imalipinda ngati tsamba la nthochi. Chimodzimodzi posakaniza. Thumba limodzi la simenti pa mawilibala atatu a mchenga linali lamulo la bambo popaka khoma. Lero anthu akuthira asanu, ena asanu ndi limodzi, kuti thumba lifike patali. Pulasitala wotero ukamukanda ndi chala amayoyoka. Ndalama yomwe walipira imaoneka ngati sinakwere kwambiri, koma wagula zaka zochepa. Nyumba zomwe tikukonza masiku ano zidzafuna kukonzedwanso msanga kuposa zomwe makolo athu anamanga, ndipo ngongole imeneyo sinalembedwe paliponse.

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. M'mudzi wa Ntauchira, kwa Likoswe, phiri la Chilimankhwanje linatsika ndi matope ndi miyala n'kukokolola nyumba ndi anthu omwe. Kumeneko palibe simenti kapena geji yomwe ikanathandiza, ndipo sindifuna kusakaniza imfa za anthu aja ndi nkhani ya mitengo. Koma kutali ndi mapiri, m'midzi ya kuchigwa, nyumba zambirimbiri zinagwa popanda phokoso. Zinali za zidina, zopanda pulasitala, madzi ataima kunsi kwa khoma masiku angapo mpaka dothi linabwerera kudothi. Namondwe wa Idai anadutsa mu 2019, wa Ana mu 2022, wa Freddy mu 2023. Anamondwe akubwera pafupipafupi kuposa mmene thumba la munthu limadzadzira. Ndipo amene nyumba zawo zinagwa mu Malichi ndi omwewo amene Novembala anawapeza asanafike palintala.

Mnzanga wina wa m'tauni anandiuza kuti bwanji anthu osangobwerera ku udzu, poti udzu ndi waulere. Ndinamuuza kuti abwere adzaone. Pakalembera wa 2018 boma la Chiradzulu linali ndi anthu 356,875 pamalo ochepa zedi, ndipo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Dambo lililonse lalimidwa, malire a munda ndi munda ndi mzere umodzi wa nandolo. Udzu wofolera umagulidwa pamtolo, tsekera chimodzimodzi, ndipo pepala lakuda loyala kunsi kwa udzu limachokera kusitolo. Phaso la bulugamu lomwe bambo ankangodula kuseri kwa nyumba lero ndi la ndalama. Uvuni wa njerwa umafuna nkhuni, nkhunizo n'zogula. Chichewa chili ndi mawu amodzi onenera chomera cha m'nkhalango ndi ndalama yogulira chinthu, ndipo kwathu matanthauzo awiriwa anakumana. Mitengo ikamatha m'phiri, mitengo imakwera pamsika.

Amayi sawerenga m'makwacha. Muyeso wawo ndi ndowa ya nandolo. Ndikawauza mtengo wa lata amafunsa kuti, "Ndiye kuti ndowa zingati?" Mu 2016 nandolo anali ndi ndalama, anthu anakhoma malata m'midzi yambiri. Mu 2017 dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wochuluka, linachepetsa wolowa m'dziko lawo, mtengo n'kugweratu. Chaka chimenecho lata silinakwere kwenikweni m'kope langa, koma m'muyeso wa amayi linakwera koopsa. Muyeso wawo ndi woona kuposa wanga, chifukwa umayang'ana mbali zonse ziwiri, chimene ukugula ndi chimene uli nacho m'manja.

Komabe chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe izi ndi chigawo chachinayi chija.

Mmisiri amene amatikonzera nyumba ndi bambo wachikulire wa m'mudzi woyandikana nawo. Ali mnyamata ankaponda matope pamene bambo ankamanga nyumba yomweyi, ndiye amaidziwa kuposa ine. Amadziwa pamene maziko anafupika chifukwa cha mwala, amadziwa mtanda umene unalumikizidwa. Mu Sepitembala 2025, malata atakwana 24, ndinawaitana. Anazungulira nyumba kawiri, anagogoda mapaso ndi chigwiriro cha hamala kumvetsera ngati chiswe chalowa, analowetsa chala mumng'alu uja. Kenako tinakhala pakhonde ndipo anatchula mtengo wawo.

Ndinati, "Tsitsaniko pang'ono, bambo. Mukuona nokha mmene zinthu zadulira."

Anayang'ana pansi kanthawi, akutembenuza chipewa m'manja. Kenako anati, "Chabwino, achimwene. Poti ndi pa amayi pano."

Usiku umenewo ndinatsegula kope kuti ndilembe zomwe tagwirizana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawerenga chigawo chachinayi chokha, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Simenti anali atakwera kuposa katatu. Malata, misomali, waya, zonse zinali zitathamanga. Ndalama ya mmisiri inali isanafike n'kawiri komwe. Ndipo pafupifupi pamzere uliwonse panali nambala yofufutidwa, ina yocheperapo pambali pake, m'zolemba zanga zomwe.

M'sitolo sindinenerera. Mtengo walembedwa papepala, ukakana amakuuza kuti mawa ukhala wina. Simenti sachita manyazi, lata silidziwa amayi anga. Ndiye mphamvu yonse ya kudula kwa zinthu, ikakanika kuboola kumene kuli kolimba, imakatulukira kumene kuli kofewa, ndipo kofewako ndi munthu amene amakudziwa, amene sangakukanize chifukwa munakulira limodzi, mumapemphera limodzi, adzakumba nawo manda a kwanu. Iyeyo amagula chimanga pamsika womwewo, feteleza pamtengo womwewo. Malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma anachoka pa K50,000 pamwezi mu 2021 kufika pa K90,000 mu 2024, koma mmisiri wakumudzi salembedwa ntchito, amagwira pamgwirizano wapakamwa. Kawirikawiri timamupatsa theka, n'kunena kuti yotsalayo mwezi ukatha. Mwezi umasanduka miyezi inayi, ndipo ndalama ikamadzafika imakhala itachepa mphamvu, iye osawonjezerapo kanthu. Mwa njira imeneyi amisiri a m'midzi akhala akulipirira nawo madenga athu.

Ndinabwerera kumasamba a bambo. Pambali pa ndalama ya mmisiri wawo analembapo kuti "ndi nkhuku imodzi", pena "ndi ndowa ya chimanga". Sindinapezepo nambala yofufutidwa.

M'mawa ndinapita kwa mmisiri wathu uja. Ndinali ndisanafikeko zaka zambiri. Nyumba ya munthu amene wakhoma madenga a theka la mudzi ili ndi malata akale a mitundumitundu, otsalira pantchito za eni, ndipo pamwamba pake pali miyala ndi tayala lakutha zotsendereza kuti mphepo isasasule. Ndinawauza kuti mtengo ukhale womwe anatchula poyamba, ndipo ndidzapereka yonse tsiku lomaliza ntchito. Sananene zambiri. Anawomba m'manja pang'ono n'kuti, "Zikomo, achimwene. Lolemba ndilawirira." Ndikudziwa kuti zimenezi sizinabweze za zaka khumi zomwe zili m'kope.

Pali ntchito inanso yomwe ilibe n'chigawo chomwe. Chaka chilichonse mvula isanagwe amayi amatenga khasu n'kulambula ngalande kuzungulira nyumba, kuti madzi a padenga asaime kunsi kwa khoma. Amazira khonde la khitchini ndi dothi lakuda la kudambo. M'mawa uliwonse akamasesa amayang'ana m'makona, ndipo akaona kanjira ka chiswe kakukwera amakagumula ndi kamtengo, n'kuthirapo phulusa. Mchemwali wanga amapempha oyilo wakutha kwa okonza njinga zamoto n'kupaka kunsi kwa mafelemu. Mdzukulu wa amayi amakwera padenga nthawi yachilimwe kukamata timabowo ta misomali ndi phula. Palibe tambala yomwe inalembedwa pa zonsezi. Koma nthawi ya Freddy madzi anayenda m'ngalande ya amayi masiku onse aja osakhudza khoma, pamene nyumba ziwiri zoyandikana nafe zinagwa. Ine ndimabwera ndi ndalama kamodzi pamwezi n'kulemba m'kope, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadziona ngati ndine wosamala nyumbayi.

Ntchito inatha mu Okutobala, kukutentha. Mmisiri anazula malata akale limodzilimodzi, akuwatsitsira kwa mdzukulu. Amayi anawasankha okha: awa a khola la mbuzi, awa a bafa, awa anayi abwinoko apite kwa amisiri. Kenako anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kachitini, kutola misomali yakale, kuiwongola pamwala ndi kahamala, umodziumodzi. Ndinawauza kuti yatsopano yatsalako. Anati, "Imeneyo isunge. Iyi ikadali ndi ntchito."

Ndinalemba tsiku, malata 24, misomali makilogalamu anayi, simenti matumba atatu, ndi ndalama ya mmisiri yosafufuta. M'munsi mwake ndinalemba kuti mbali yakumadzulo yatsala, mapaso awiri ali ndi chiswe. Madzulo mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Chiradzulu, kamphepo n'kubwera ndi fungo la dothi lonyowa kuchokera kwina. Amayi anatenga mabeseni awiri omwe ankakhala kuchipinda chakummawa, anawatsuka, n'kukawaika kuchipinda chakumadzulo.